Kutsata nambala ya pa mendulo ya a Keyala

Lamlungu usiku, Lilongwe

Chikwama ndalongedza kale, mawa m'mamawa ndi ulendo wa ku Zomba. Amene mumacheza nane mukudziwa kuti nkhani ya mendulo iyi ndayikamba kuyambira pa maliro a malume chaka chatha mpaka ena munatopa nane, pepanitu, sabata ino mutopa zenizeni chifukwa ndizilemba tsiku ndi tsiku netiweki ikalola.

Kwa amene simunamve, titaika maliro tikukonza m'nyumba mwa malume tinapeza kachitini ka mabisiketi kadzimbiri, mkati muli makadi a chipani a nthawi ya Kamuzu, malisiti a msonkho, ndi mendulo imodzi yokulunga m'kansanza. Yasiliva, yolemera ndithu, riboni inatha kalekale. Mbali ina kuli mutu wa mzungu wandevu, ndi mfumu George V ameneyo, mbali inayo munthu ali pa hatchi ndi zaka 1914 ndi 1918. Tonse tinangodziwa kuti ndi ya bambo awo a agogo athu akuchikazi, amene kwathu sitiwatchula dzina, timangoti a Keyala. Keyala ndiye KAR, King's African Rifles, gulu la asilikali akuda la atsamunda lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Chimene tinakula tikumva n'chakuti a Keyala anamenya Ajeremani ku Karonga, basi nkhani yonse imathera pomwepo.

Mwana wa achemwali ndi amene anaona kuti m'mphepete mwa mendulo muja, mozungulira, muli tizilembo. Tinatsuka ndi mswachi wakale ndi sopo, zinaoneka: nambala, kenako PTE, kenako dzina, kumapeto 2/K.A.R. Ndiye dzinalo abale si lathu. Ndi lachiyao lenileni, pamene ife ndife Alomwe a ku Phalombe kuyambira kalekale. Azakhali pomwepo anati mwina madala aja anangotola kapena anagula kwa mnzawo kuti azitchukira pa mowa kkkk. Ine zinandikhudza. Dzinalo sindililemba pano, ngakhale nambala, abale sanandilole.

Lolemba, Zomba

Za mu msewu sindichulutsa. Minibasi inadzadza cha m'ma 8, pa Lizulu anthu anagula mbatatesi ndi kabichi ngati kutsogolo kulibe misika, thumba lina linakhala pa mapazi anga mpaka pa Liwonde. Ndinafika ku Zomba miyendo itachita dzanzi.

Nditasiya katundu pa loji ndinakwera kabaza kupita ku chipilala cha Keyala, nsanja ya njerwa zofiira ija ya wotchi yomwe ili m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre kufupi ndi Cobbe Barracks. Ndadutsapo kambirimbiri pa moyo wanga koma kuima ayi, ndimangoti ndi zachitsamunda. Wakabaza naye anadabwa kuti ndatsikira pamenepo, akuti mukufuna kulowa usilikali bwana, zakatu zapita. Dzina loti Cobbe ndi la mzungu, Alexander Cobbe, amene analandira mendulo yapamwamba ya Victoria Cross mu 1902 ku Somaliland akutsogolera asilikali ochokera kuno. Iye dzina lake lili pa geti mpaka lero. Amene ankawatsogolerawo muwapeze.

Koma pa chipilalapo maina alipo, ambiri, oposa chikwi, a anthu akuda a 1 KAR ndi 2 KAR, magulu awiri a ku Nyasaland. Ndinayamba kuwerenga ndi chala mzere ndi mzere mendulo ili m'thumba la shati, maina achiyao, achingoni, achinyanja, ena olembedwa mokhota moti umachita kuwatchula mokweza kuti uzindikire kuti mzungu ankafuna kulemba chiyani. Ndinatha mwina mphindi 40 dzuwa likundiwotcha pakhosi ndisanazindikire uchitsiru wanga. Awa ndi amene anafera ku nkhondo. A Keyala anabwerako, anakwatira, anabereka ana 7, anamwalira ndi ukalamba. Akanakhala pa chipilalachi ine sindikanabadwa. Ndinaseka ndekha ngati wamisala, msilikali wina amene amadutsa anandiyang'ana kawiri.

Madzulo ndinadya tchipisi pa chiwaya cha pafupi ndi depoti, ndiye ndinakumbuka kuti nkhondo imeneyi makolo ankaitcha ya Chiwaya, kutanthauza mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Lero mawu omwewo ndi a mbatatesi ndi mafuta.

Lachiwiri, Zomba

Tsiku lonse ku National Archives. Ndinadzaza fomu, ndinaonetsa chitupa, ndinafotokoza chimene ndabwerera. Bambo amene amandithandiza anaitembenuza mendulo ija kawiri katatu, anawerenga m'mphepete popanda ndi magalasi omwe, kenako anandiuza mosabisa kuti ndisayembekezere kupeza fayilo yolembedwa dzina la agogo pachikuto ngati ku chipatala. Mu 1919 moto unapsereza maofesi a Secretariat konkuno ku Zomba, likulu la boma nthawi imeneyo, ndipo mapepala ambiri a zaka za m'mbuyo mwake anathera pomwepo. Tangoganizani, nkhondo yatha November 1918, chaka chotsatira moto. Mtima unangoti zii.

Koma anandifunsa funso limene palibe anandifunsapo: mudzi wake ndi uti, mfumu yake ndani, boma liti? Akuti mzungu polemba munthu wakuda sankadalira dzina lokha, chifukwa maina ankasintha, munthu ali ndi la ubwana, la ku chinamwali, la ku mishoni, lina la kuntchito. Ankalemba dzina, bambo ake, mtundu, mudzi ndi mfumu, kuti ukathawa akakupeze. Ndiye ukamasaka munthu wa nthawi imeneyo uyambire pa mudzi.

Ndinati Phalombe. Anati nthawi imeneyo kunalibe boma la Phalombe, linadulidwa ku Mulanje mu 1998, ndipo m'mapepala akale musake Mlanje, popanda u. Tinthu ngati timeneti ndi timene timakutayitsa tsiku lonse ukapanda wokuuza.

Anandibweretsera mabuku a boma la Mlanje, aja ankalembamo ma DC, amene kale ankatchedwa ma Resident, mapepala achikasu onunkhira ngati m'nkhokwe yakale, ena olembedwa pamanja ndi inki yoti yasanduka yofiirira, zilembo zopendekeka zoti mzere umodzi umauwerenga katatu. Muli maina a mafumu ndi anyakwawa, chiwerengero cha nyumba zokhoma msonkho, milandu ya malire, za mvula. Ndinatsegula pang'onopang'ono kuopa kung'amba, m'mphuno mukuyabwa. Itakwana cha m'ma 2 ndinaupeza mudzi wathu. Kalembedwe kosiyana pang'ono, r pamene ife timaika l, koma ndi womwewo, pansi pa mfumu yomweyo, ndipo pambali pake mawu amodzi: Anguru.

Mawu amenewa ndinakula ndikuwamva ngati chitonzo. Umu ndi mmene atsamunda ankalembera Alomwe amene ankawoloka kuchokera kwa Apwitikizi kuyambira cha m'ma 1890, kuthawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza, n'kudzagwera m'manja mwa eni maesiteti a kuno, kumene malo okhala umalipira ndi thangata. Zinatengera anthu ngati Lewis Bandawe m'zaka za m'ma 1940 kulimbana kuti boma lisiye dzinalo lizilemba kuti Alomwe. Kuliona ndi maso lili pambali pa mudzi wa agogo, ndinakhala kaye chete.

Za usilikali wa munthu wanga sindinapeze kanthu lero. Koma ndawerenga zambiri za mtengatenga. Asilikali a ku Nyasaland pa nkhondo ija anali pafupifupi 19,000, koma onyamula katundu pamutu, chakudya, zipolopolo, mabokosi a azungu, anali pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Ambiri ankachita kugwidwa usiku m'midzi, mafumu atapatsidwa chiwerengero choti apereke. Ankafa ndi kamwazi, malungo ndi njala m'njira. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 kudandaula zomwezi, kuti amphawi akukafera nkhondo yosawakhudza n'kusiya akazi amasiye ndi ana, patangotha miyezi iwiri anaukira. Amtengatengawa ambiri alibe mendulo, alibe nambala yoti mdzukulu angaitsate. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a ku Africa kuno, sanakumbukiridwe ndi maina awo. Ndiye ine wa kachitini ka mabisiketi ndili ndi mwayi, ndisamadandaule kwambiri.

Magetsi azima pa loji, ndikulemba ndi batire la 18%.

Lachitatu, Zomba

Eeh lero zinthu zasuntha, koma osati kuchokera kumene ndimayembekezera.

Msuweni wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds ndinamutumizira chithunzi cha m'mphepete mwa mendulo sabata yatha. Anthu a ku UK mukudziwa mashifiti awo, anangoti ndiona. Usiku wapitawu cha m'ma 1 foni inalira, WhatsApp, chithunzi. Ku National Archives ya ku Kew, ku London, kuli makadi a mamendulo a nkhondo yoyamba, mndandanda wake amautcha WO 372, ndipo amasakika pa intaneti. Iye poyamba analemba dzina lathu la kumudzi, sipanatuluke kanthu. Analemba dzina la pa mendulo, panatuluka anthu ambirimbiri a dzina lomwelo, a magulu osiyanasiyana. Atalemba nambala pamodzi ndi King's African Rifles panatuluka khadi limodzi.

Kakhadi kake n'kosauka zedi. Dzina, gulu, udindo Pte kutanthauza msilikali wamba wopanda tepi, nambala yomweyo. M'munsi mamendulo awiri, British War Medal imene ndili nayoyi ndi Victory Medal imene sitikudziwa kumene inapita. Palibe mudzi, palibe zaka, palibe chithunzi. Koma ndinakayang'ana mpaka kunja kunayera.

Tsono tamverani. Amene anamenya nawo nkhondo isanathe 1915 ankalandira mendulo yachitatu, ya nyenyezi, 1914-15 Star. Pa khadi la a Keyala malo amenewo ndi opanda kanthu. Nkhondo ya ku Karonga inachitika pa 9 September 1914, ndipo anamenya ndi a 1 KAR. Gulu la 2 KAR nthawi imeneyo kunalibe n'komwe, atsamunda analithetsa mu 1911 pofuna kupulumutsa ndalama, moti asilikali ena amene anachotsedwa anangowoloka malire kukalembedwa kwa Ajeremani ku Neu Langenburg, kumene lero ndi ku Tukuyu, poti kumeneko malipiro analiko bwino. Analidzutsanso mu 1916 nkhondo itavuta. Ndiye munthu wa 2 KAR wopanda nyenyezi ku Karonga sanamenyeko. Zaka zonsezi takhala tikunamizana pa maliro ndi pa maukwati.

Ndikuganiza kuti Karonga inalowa m'nkhani chifukwa ndi nkhondo yokhayo imene tinaphunzira ku pulayimale, ija ndi ya sitima ya Guendolen imene inakawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja ya Malawi mu August 1914. Wina anangolumikiza, agogo anamenya Ajeremani, Ajeremani anamenyedwa ku Karonga, basi.

Ndinabwerera ku Archives kukathokoza ndi kuwerenga za 2 KAR. Njira yawo ndi ina kotheratu. Anyamata olembedwa kuno ankatsika nawo kunyanja yamchere n'kukwezedwa sitima kupita ku British East Africa, Kenya ya lero, kukaphunzira kuguba ndi kuwombera. Kenako kum'mwera kwa Tanganyika, ku Kibata kumapeto kwa 1916, madera a Kilwa ndi Lindi mu 1917. Mkulu wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, atapanikizika anawoloka mtsinje wa Rovuma mu November 1917 kulowa dziko la Apwitikizi, ndipo mabatalioni a 2 KAR anamutsata, motsogozedwa ndi George Giffard, kuchokera ku Port Amelia, Pemba ya lero. Ku Medo mu April 1918. Kenako pa 30 ndi 31 August 1918 pa malo otchedwa Lioma. Ndinatsegula mapu pa foni. Lioma ili m'boma la Gurue, pakati penipeni pa dziko la Alomwe.

Tikiti ya ku Karonga imene ndimafuna kugula ija yapulumuka. Mawa ku Phalombe.

Lachinayi, Phalombe

Msewu wa Jali, kenako kabaza wa njinga yamoto, fumbi mpaka m'makutu. Phiri la Michesi lili pomwe lija ndi zipsera zake.

Mwa ana 7 a a Keyala watsala mmodzi, chitsiriza, mng'ono wawo wa agogo anga. Zaka zawo zenizeni palibe akudziwa, amangoti pa njala ya 1949 anali atayamba kutunga madzi okha. Maso anachita khungu koma mutu uli bwinobwino kuposa wanga. Nditagwada kuwapatsa moni anandigwira kumaso n'kunena kuti amuna anga mwabwera, mwanditaya chaka chonse, mwapeza wina ku Lilongwe eti? Ndinapereka shuga, sopo, mchere ndi buledi, anazipapasa chimodzichimodzi.

Sindinafune kuyamba ndi mafunso ngati wapolisi. Tinadya kaye nsima ya nandolo, tinakamba za maliro, za namondwe wa Freddy ndi nyumba zimene zinagwa, za mbuzi. Kenako ndinawaika mendulo m'dzanja osanena kanthu. Anaisisita ndi chala chachikulu, anaiika pa tsaya, n'kuti iyi ndi ya ababa, inali iwiri, inzake yachikasu ija ili kuti?

Ndinamva tsemwe thupi lonse. Victory Medal ndi yamkuwa, yachikasu. Za khadi lija ndinali ndisanawauze.

Ndinawafunsa za dzina. Nditalitchula anaseka mpaka kutsokomola, akuti iwe wakumba kutali, limenelo amayi ankawatchula akafuna kuwanyogodola akaledzera. Nkhani yake ndi iyi, monga anandiuzira. Ababa awo anabwera kuno ali kamnyamata ndi amalume awo, amayi awo anatsala kwawo kuseri kwa mapiri. Anakulira pa esiteti ya mzungu, thangata, ndipo tsiku lina anamenyana ndi kapitawo n'kuthawa. Ku Zomba anamva kuti akulemba asilikali, koma ankaopa kuti akatchula dzina lake ndi mudzi amubweza kwa mzungu uja, komanso mbiri inali yoti azungu amakonda Ayao, amati ndiwo olimba mtima pa nkhondo. Ndiye pa mzere paja anangobwereka dzina la mnzake amene anagona naye pa khonde la sitolo ya mmwenye, kalaliki analemba, basi linakhala lomwelo mpaka nkhondo kutha.

Ndiye ngakhale moto wa 1919 ukanapanda kuyaka, ine kusaka ndi dzina lathu ndi mudzi wathu sindikanamupeza munthuyu. Anabisala dala, ndipo anabisala bwino.

Ndinafunsa ngati ankakamba za Karonga. Anati Karonga ndiye kuti? Iwo chimene amakumbuka ndi sitima, akuti ababa ankati anakwera nyumba yoyenda pa madzi amchere osaona mtunda, anasanza mpaka kufuna kufa, moti moyo wawo wonse ngakhale bwato la pa Chilwa ankalikana. Ankakamba za njala, kudya chinangwa chosaphika cha m'minda ya eni, matekenya m'zala, kuyenda usiku ndi usana kuthamangitsa Mjeremani amene sankaoneka. Chiswahili ankachidziwa, akakwiya ankatukwana m'Chiswahili. M'mawa ankadzutsa ana ngati pa pelete.

Kenako ananena chimene chandisowetsa tulo. Akuti tsiku lina ali m'kati moguba anayamba kumva anthu a m'midzi imene ankadutsa akulankhula chilankhulo cha amayi awo. Anakweza maso n'kuona Namuli, phiri limene Alomwe timati ndiko tinachokera. Anapempha sajeni kuti akaone amayi awo, mwina ulendo wa tsiku limodzi, anakanizidwa, akuti wochoka pa mzere ndi wothawa ndipo wothawa amawomberedwa. Anadutsa kwawo atanyamula mfuti ya Mngerezi, ndi dzina lachiyao, midzi ina ikupsa, anthu atathawira m'mapiri chifukwa magulu onse awiri ankalanda chakudya. Amayi awo sanawaonenso mpaka imfa. Agogo akuti nkhani imeneyi ankaikamba kamodzikamodzi, akamwa, ndipo ikafika pamenepa ankangoimirira kupita kuseri kwa nyumba.

Mawu oti Lioma agogo sawadziwa, ndinawatchulira kawiri. Ndipo khadi lija silinena kuti munthuyu anali mu batalioni iti ya 2 KAR kapena kuti tsiku lakutilakuti anali pati. Ndiye sindinganene kuti a Keyala anawombera mfuti pa Lioma. Chimene ndinganene n'chakuti buku la mzungu likuti 2 KAR inadutsa kumeneko mu 1918, ndipo gogo wosaona amene sanapiteko kusukulu akuti bambo ake anaona Namuli.

Mapepala analipo, akutero. Kabuku kotulukira usilikali kankasungidwa m'chikwama chachikopa pamodzi ndi mendulo yachikasu ija. Zonse zinapita ndi napolo wa mu March 1991. Yasiliva inapulumuka chifukwa malume anali ataitenga kupita nayo ku tauni osapempha, ndipo mpaka lero agogo akuti anali wakuba mwana ameneuja, Mulungu amukhululukire.

Lachisanu, Phalombe

Kumanda sungangolowa ngati kumsika. Tinapita kaye kwa amfumu ndi asuweni awiri, tinafotokoza, tinapereka kangachepe, anatipatsa mkulu mmodzi wa adzukulu kuti atiperekeze. Manda a a Keyala alibe mwala, alibe mtanda. Mkulu uja anangoloza pakati pa mitengo iwiri n'kuti ndi chapompa, pafupi ndi akazi awo. Tinazula udzu pang'ono, tinapemphera, tinabwerako.

Madzulo panabuka mkangano wa chipilala. Tonse tikugwirizana kuti tisonkhe timange, koma tilembepo dzina liti? Asuweni akuti lathu basi, lachiyao lija linali bodza. Ine ndikuti tilembe onse awiri ndi nambala yomwe, chifukwa popanda bodza limenelo mdzukulu wina akadzafuna kufufuza adzayambira pati. Agogo atafunsidwa anati lembani a Keyala, ndi limene ankavomera. Sitinamalize.

Pasipoti ndinaitenga mwamwayi. Ndaganiza zowoloka kupita ku Mozambique.

Loweruka, Gurue

Chitakale, Mulanje boma, Limbuli, Muloza. Pa chipata sipanavute, ndinasintha makwacha kukhala ma meticais, mtima ukuwawa ndi mmene ndalama yathu yafookera. Ku Milange Chichewa chili paliponse moti suona kuti watuluka m'dziko, kusiyana kwake ndi zikwangwani za Chipwitikizi ndi buledi wawo uja wokoma. Kuchoka apo ndi chapa, ndiye minibasi ya kuno, ndipo za ulendo umenewu ndingoti msana ukundiwawa, tayala linaphulika kamodzi, ndipo nkhuku ya mayi wina inandidziwa bwino.

Tinalowa mu Gurue dzuwa likupendeka. Minda ya tiyi mbali zonse, mapiri kumbuyo, ukanandimanga kumaso n'kundimasula pano ndikanalumbira kuti ndili ku Mulanje. Mwina n'chifukwa chake makolo aja atawoloka anakhazikika kumene anakhazikika. Namuli ndi wamtali mamita 2,419, wachiwiri m'dziko lonse la Mozambique, koma lero nsonga yake inali m'mitambo. Mnyamata wa pa malo ogona, timamvana ndi manja ndi Chichewa chake chothyokathyoka, wandipezera wanjinga yamoto woti andiperekeze mawa.

Lamlungu, Lioma

Tinanyamuka 6 koloko kukuzizira. Titakwera kamtunda kena wanjinga anaima yekha n'kuloza kumbuyo, mitambo inali itayera, chimwala chachikulu chotuwa chili njo pamwamba pa mapiri anzake. Namuli. Ndinajambula koma pa foni pakungooneka ngati chulu.

Lioma ndi katauni kakang'ono, timasitolo, msika, minda ya soya ndi chimanga mbali zonse. Ndinayenda uku ndi uku, chipilala kapena chikwangwani cha 1918 sindinachione. Pano ndi pamene a batalioni yoyamba ya 1 KAR, anyamata a ku Nyasaland omwewo, anakumba maenje n'kulimbana ndi Ajeremani tsiku lonse la 30 August, ndipo m'mawa mwake a 2 KAR anafika, von Lettow-Vorbeck anataya anthu ndi katundu wambiri koma anapulumuka, anakhotera kumpoto, n'kukagonja ku Abercorn, Mbala ya ku Zambia, pa 25 November, nkhondo ku Ulaya itatha kale masabata awiri. Mbali zonse ziwiri amene ankagwa ambiri anali akuda.

Wanjinga ananditengera kwa bambo wina wachikulire amene amakhala pa khonde la chigayo. Anandipatsa moni, moseliwa, ine kukamwa kunangoti gwa, Mlomwe wa pa chitupa chabe. Ataona kuti ndasowa choyankha anasintha n'kuyamba Chichewa chabwinobwino, akuti anakhala zaka 6 ku Mulanje ngati wothawa nkhondo. Nditati ndabwera kudzaona malo a nkhondo anayamba kundilozera kumene kunali mabomba okwirira, kumene anawotcha sitolo, njira imene anathawira usiku ndi ana awiri kumsana. Iye amakamba ya Renamo ndi Frelimo, imene inatha mu 1992. Ndinati ayi bambo, ya kale kwambiri, ya Ajeremani. Anaganiza kanthawi, n'kuti agogo ake ankatchula za azungu ena amene anadutsa ndi asilikali akuda n'kutha nkhokwe zonse, anthu chaka chimenecho anadya mizu, kenako kunabwera chifuwa chimene chinapha anthu ambiri kuposa mfuti. Koma kuti anamenyanirana pati, anagwedeza mutu.

Ndinamuonetsa mendulo. Anaiyeza kulemera m'dzanja, anafunsa ngati ndi siliva weniweni, anafunsa mfunda wa amayi ake a munthuyo ndi mudzi wawo kuti mwina angadziwe abale. Ndinalibe yankho. Agogo aja sanaudziwe, ababa awo sankautchula. Anandibwezera n'kuti ndiye mwabwera mochedwa achimwene. Tinagawana Fanta ndi mtedza, anandifunsa ngati msika wa Limbuli ukadali waukulu ngati kale.

Pobwerera netiweki itagwira ndinaimbira msuweni ku Phalombe kuti awaikire agogo foni pa khutu. Ndinakuwa kuti agogo ndaliona phiri lija, Namuli, ndaliona ndi maso angawa. Kunali zii kanthawi, ndimangomva nkhuku ndi ana. Kenako anati chabwino amuna anga, tsono zitenje za kumeneko amati n'zolimba, musabwere chimanjamanja, ndikufuna yofiira.

Chapa ya ku Milange akuti imanyamuka 4 koloko m'bandakucha, ndipo msika wa pano atseka posachedwa, ndathamanga.